Tinkangowatcha Cynthia

Mu Misisi momwe ndinakulira, mtsikana aliyense wobwezera akaputidwa ankatchedwa Cynthia. Wina akamukankha pa mzere wotunga madzi, iye n'kutula chigubu pansi ndi kumanga chitenge m'chiuno, anyamata ankayamba kukuwa kuti, "Musiyeni uyo, ni Cynthia!" Dzinali linali lachipongwe, komabe linali ndi kaulemu kake, pakuti wotchedwa Cynthia sankalandidwa malo kawiri. Ambuya anga, omwe sanapondemo m'nyumba ya vidiyo mpaka tsiku la imfa yawo, ankayesa kuti Cynthia ndi mwana wa munthu wina wa kutsidya kwa njanji. Tsiku lina madzulo tikusadzula chibwabwa anandifunsa kuti, "Iwe, Cynthia mumatchulatchulayu, amake ndani? Alibe omulangiza?"

Ndinangoseka, chifukwa yankho ndinalibe. Chomwe ndinkadziwa n'chakuti ndi mzungu wamfupi wa tsitsi lachikasu, amene mwendo wake unkadzera kumsana n'kukamenya munthu pamphumi. Dzina lake lonse, Cynthia Rothrock, ndinalidziwa nditakula. Akazi enawo, a ku Hong Kong, Taiwan, Malaysia ndi Japan, amene ankamenyana pa matepi omwewo, tinalibe nawo mayina n'komwe. Tinkangoti "kamkazi ka mu filimu ija." Tsopano papita zaka zoposa 30, ndipo ndikufuna kuwayankha ambuya. Cynthia anali nawo amake pa ntchito imeneyi, ngakhalenso ambuye ake, ndipo zimene zinawachitikira zikutikhudza ife amene lero tili ndi ana aakazi ofuna kuvala magolovesi.

Jack asanakhale Cynthia

Akuluakulu amati dzina la Misisi linachokera ku liwu la Chingerezi loti Mrs, potchula mayi wachizungu amene malowo anali ake. Komboniyi inamera pakati pa maenje osiyidwa ndi okumba miyala, kufupi kwenikweni ndi tauni, ndipo dzinja likafika maenjewo amasefukira mpaka madzi kulowa m'nyumba. Nyumba ya vidiyo imene ndikuikumbukira inali chipinda chimodzi cha mabuloko, malata ake otsindiridwa ndi miyala ndi matayala akutha. Mawindo anali otsekedwa ndi makatoni kuti kunja kusalowe kuwala komanso kuti osalipira asasuzumire. Mkati munali mabenchi a matabwa, TV pa shelefu yam'mwamba, ndi deki imene mwini wake ankaifunditsa nsalu ngati khanda. Panja pankakhala bolodi lolembedwa ndi choko, ndipo chikuto cha tepi ankachipachika pomwepo.

Kukonda ndewu za pa kanema sikunayambe ndi ife. M'nthawi ya atsamunda, makampani a migodi ku Copperbelt ankaonetsa mafilimu panja m'makomboni a antchito, ndipo okondedwa koposa anali a makauboyi a ku America. Hortense Powdermaker, mayi wofufuza za chikhalidwe amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba za khamu limene linkakuwa ndi kudzuka pamipando ndewu ikayamba. Ngwazi iliyonse ya pa hatchi anthu ankaitcha Jack, kaya dzina lake lenileni ndani. Boma la atsamunda linkayamba ladula mbali zina za mafilimuwo lisanalole anthu akuda kuwaona, moti nkhani inkafika yopanda mutu ndi mchira. Chotsala chomveka bwino chinali nkhonya.

M'zaka za m'ma 1970, Jack analowedwa m'malo ndi Bruce Lee. Inali nthawi yomweyo imene anthu a ku China ankamanga njanji ya TAZARA kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, kuyambira 1970 mpaka 1975, ndipo ambiri ankaganiza kuti omanga njanjiwo ndi omenya kung fu ndi amodzi. Koma mafilimuwo sankachokera ku China wa Mao Zedong, kumene nthawi imeneyo mafilimu otere sankapangidwa. Ankachokera ku Hong Kong, yemwe anali m'manja mwa Britain, ndi ku Taiwan. Kenaka kunabwera tepi. Boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991 n'kumasula malonda, katundu wakunja anachuluka m'mashopu pomwe ntchito zinali kutha m'makampani. Munthu wochotsedwa ntchito akagula TV ndi deki, ndiye kuti wapeza bizinesi.

Nyumba zimenezi zinali za amuna ndi anyamata. Mtsikana wolowamo ankanenedwa, makamaka chifukwa aliyense ankadziwa mtundu wa matepi oikidwa usiku ana atathamangitsidwa. Ine ndinalowamo koyamba chifukwa amai anapita kukaoda tomato ku Soweto Market n'kundisiya m'manja mwa mlongo wanga wamkulu, amene sanafune kuphonya filimu chifukwa cha ine. Anandikhazika pakona n'kundiopseza kuti ndikakaulula ndidzaona. Filimuyo inali *China O'Brien*, ya wapolisi wamkazi amene abwerera kwawo, atate ake n'kuphedwa ndi zigawenga, iye n'kupikisana pa chisankho kuti atenge udindo wawo. Chingerezi chake sindinamve. Ndinangoona kuti sitaringi ndi mkazi, ndiponso kuti anyamata onse aja, omwe ankatikoka tsitsi kusukulu, anali kumuchemerera.

Ambuye ake a Cynthia

Tinkaganiza kuti mkazi womenya ndi chinthu chachilendo chobwera pambuyo pa Bruce Lee. Mbiri imanena zosiyana. Mafilimu a ankhondo a malupanga anayambira ku Shanghai m'zaka za m'ma 1920, kanema asanayambe kulankhula, ndipo akazi analimo kuyambira pa chiyambi. Mu 1928 kampani ya Mingxing inatulutsa *The Burning of the Red Lotus Temple*, imene inakondedwa kwambiri mpaka inafika zigawo 18 pofika 1931. Mmodzi wa akatswiri ake anali Hu Die, amene ankasewera ngati mtsikana wa lupanga wovala zofiira. Zigawo zimenezo zinatayika, koma filimu ina ya 1929, *Red Heroine*, ikadalipo. Mmenemo Fan Xuepeng ndi mtsikana wa kumudzi amene agwidwa ndi asilikali, ambuye ake n'kufa pa chipwirikiticho. Apulumutsidwa ndi nkhalamba ya kuphiri, aphunzira kumenya, kenaka abwerera kudzalipsira.

Wina wa m'badwo umenewo anali Chin Tsi-ang, wobadwa mu 1909. Makolo ake anamulera ngati mnyamata ndipo anayamba kuphunzira kumenya ali mwana, moti polowa m'mafilimu mu 1925 ndewu zake ankamenya yekha. Mdzukulu wake ndi Sammo Hung, wonenepa uja amene tonse tinkamudziwa m'nyumba za vidiyo. Tinkamudziwa mdzukulu, ambuye ake ayi. Mayiyu anapitiriza kuoneka m'mafilimu mpaka ukalamba. Mu 2000 ali ndi zaka pafupifupi 90 anasewera ngati wantchito wa m'nyumba mu *In the Mood for Love*, ndipo anamwalira mu 2007.

Ulendo woyambawu unadulidwa ndi boma. Mu 1931 olamulira a chipani cha Kuomintang anayamba kuletsa mafilimu otere ponena kuti akufalitsa zamatsenga ndi kusokoneza achinyamata. Nkhondo ndi kusintha kwa boma ku China kunachititsa kuti opanga mafilimu ambiri asamukire ku Hong Kong, ndipo mkazi wa lupanga anasamuka nawo.

Ku Hong Kong wa m'ma 1960, mayina okoka anthu ku kanema anali a akazi. Mafakitale a nsalu, maluwa a pulasitiki ndi zidole ankalemba atsikana ambirimbiri, ndipo atsikanawo akalandira malipiro ankapita kukaonera anzawo. Connie Chan Po-chu ndi Josephine Siao ankasewera ngati ankhondo, nthawi zina ngati anyamata, ndipo otsatira a Connie Chan ambiri anali atsikana a m'mafakitale omwewo. Amene anaonera *Fong Sai-yuk* ya Jet Li ya mu 1993 akukumbukira amake a sitaringi, oseketsa aja koma omenya kuposa mwana wawo. Ameneyo ndiye Josephine Siao, atakula.

Mbalame imene inalandidwa filimu yake

Mu 1966 kampani ya Shaw Brothers inatulutsa *Come Drink with Me*, yotsogoleredwa ndi King Hu. Sitaringi anali Cheng Pei-pei, mtsikana wa zaka 20 wobadwira ku Shanghai, amene sanaphunzirepo kumenya. Luso lake linali kuvina bale, ndipo King Hu anamusankha pa chifukwa chimenecho, poti kwa iye ndewu ya pa kanema inali gule wokhala ndi kayendedwe kake ndi ng'oma yake. Mu filimuyo Cheng ndi Golden Swallow, wotumidwa kukawombola mlongo wake amene wagwidwa ndi achifwamba. Alowa m'nyumba ya alendo atavala ngati mwamuna, akhala pansi n'kuitanitsa chakumwa, achifwamba amuzungulira. Nthawi yaitali sachita kanthu, angoyendetsa maso. Akasolola timalupanga take tiwiri, nkhani yatha. Chigawo chimenecho opanga mafilimu akhala akuchitengera mpaka lero.

Chaka chotsatira, dayirekita wina wa kampani yomweyo, Chang Cheh, anatulutsa *One-Armed Swordsman* ya Jimmy Wang Yu, filimu yoyamba ya ku Hong Kong kupeza madola 1 miliyoni a kumeneko. Chang Cheh sankabisa maganizo ake: ankati kanema wa Chitchaina wachuluka ukazi, ndipo wafunika amuna a zifuwa zapamtunda, okhetsa magazi ndi kufera anzawo. Ndalama zitamuvomereza, makampani anatsata. Mu 1968 anapatsidwa kupanga filimu yopitiriza nkhani ya Cheng Pei-pei. Dzina la filimuyo ndi *Golden Swallow*, koma mukaionera mupeza kuti nkhani yonse yakhala ya Jimmy Wang Yu, ndipo mwini dzina wasanduka mkazi wolimbiranidwa ndi amuna awiri. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Cheng anakwatiwa, n'kusamukira ku America, kumene analera ana anayi.

Nthawi ya Bruce Lee inali ya amuna, komabe inatulutsa Angela Mao. Iye anabadwira ku Taiwan mu 1950 ndipo ali mwana wamng'ono anaperekedwa ku sukulu ya zisudzo za makolo a ku China, kumene ana ankaphunzira kuimba, kudumpha, kugubuduzika ndi kugwira mikondo kuyambira m'mamawa mpaka usiku. Kampani ya Golden Harvest, yokhazikitsidwa mu 1970, inamulemba ntchito, ndipo mu 1972 anatulutsa *Hapkido* ndi *Lady Whirlwind*. Yachiwiriyi itafika ku America mu 1973 inakhala pamwamba pa mafilimu oonedwa kwambiri. Koma dziko lonse limamudziwa ndi mphindi zochepa za mu *Enter the Dragon*, mmene ali mlongo wake wa Bruce Lee. Athamangitsidwa ndi gulu la amuna, awamenya mmodzimmodzi, ndipo atapanikizidwa m'nyumba yosungiramo katundu adzibaya ndi galasi losweka kuti asagwiriridwe. Imfa yakeyo ndiyo ipatsa sitaringi chifukwa chomenyera. Zimanenedwa kuti pa ntchito imeneyo analandira madola 100 a ku America, pomwe filimuyo inapanga mamiliyoni. Atasiya mafilimu anasamukira ku New York, ndipo atolankhani anakamupeza patapita zaka zambiri akuyendetsa malesitilanti a banja lake ku Queens.

Mwa onsewa, amene akanamvana msanga ndi mwana wa mu Misisi ndi Kara Hui. Anabadwa mu 1960 m'banja limene linasauka mpaka kumagona pansi pa masitepe a nyumba ina ku Wan Chai. Ubwana wake wonse anathera m'misewu, kupemphetsa ndi kugulitsa chingamu kwa asilikali a pamadzi a ku America. Kenaka anayamba kuvina m'nyumba ya zisangalalo, ndipo kumeneko ndi kumene a Shaw Brothers anamuona n'kumupatsa kontirakiti ya madola 500 a ku Hong Kong pamwezi. Mu 1981 Lau Kar-leung anamuika patsogolo mu *My Young Auntie*. Nkhani yake ingathe kuchitika pa maliro alionse mu Lusaka muno. Mtsikana akwatiwa ndi nkhalamba yodwala kuti chuma chake chisagwe m'manja mwa m'bale wake wadyera. Nkhalambayo itamwalira, iye anyamula mapepala a chumacho kukapereka kwa woyenera, achibale olanda ali pambuyo pake. Ife amene tinaona akazi amasiye akulandidwa mbale ndi mabulangete, ngakhale lamulo la chuma cha masiye la 1989 litakhazikitsidwa kale, filimu imeneyo sinkafuna womasulira. Mu 1982, pa mwambo woyamba wa Hong Kong Film Awards, Kara Hui ndiye analandira mphoto ya mkazi wosewera bwino koposa.

Cynthia mwini wake, ndi Cynthia wopanga

Pofika 1985 malupanga anali atatha fasho, ndipo kampani ya D&B inayesa china: apolisi awiri aakazi mu Hong Kong wa masiku ano. Filimuyo, *Yes, Madam!*, yotsogoleredwa ndi Corey Yuen, inatulutsa mayina awiri. Woyamba anali Michelle Yeoh, amene nthawi imeneyo ankalembedwa kuti Michelle Khan. Anabadwira ku Ipoh, ku Malaysia, mu 1962, anaphunzira kuvina bale ku London mpaka pamene anavulala msana, ndipo mu 1983 anasankhidwa kukhala Miss Malaysia. Nayenso, monga Cheng Pei-pei, anafika ku ndewu kudzera m'gule. Pa ndewu yomaliza ya filimuyo amapinda chagada n'kuswa galasi ndi mutu, uku akukoka amuna awiri kuwagwetsera pansi, ndipo anachita zimenezo yekha.

Wachiwiri ndiye Cynthia wathu. Anabadwa mu 1957, anakulira ku Scranton, m'boma la Pennsylvania, ndipo kuyambira 1981 mpaka 1985 anakhala katswiri wa dziko lonse kasanu pa mipikisano yoonetsa kayendedwe ka karate ndi kagwiridwe ka zida, mmene amuna ndi akazi ankapikisana pamodzi. Atatchuka ku Hong Kong, a Golden Harvest anamutengera kwawo ku America kukapanga *China O'Brien* ndi Robert Clouse, yemwe uja anatsogolera *Enter the Dragon*. Makampani akuluakulu a ku Hollywood sanamupatse mpata ngati umene anapatsa Jean-Claude Van Damme kapena Steven Seagal, moti mafilimu ake ambiri sankapita m'maholo a kanema, ankangotulukira pa tepi. Chimene kwawo chinali kuchepetsedwa ndicho chinamufikitsa kwathu, pakuti njira ya ku Misisi inali ya tepi.

Mu 1988 Michelle Yeoh anakwatiwa ndi Dickson Poon, mmodzi wa eni ake a D&B, n'kusiya ntchito. Kampaniyo sinachedwe. Inatenga mtsikana wa ku Taiwan, Yang Li-tsing, n'kumupangira dzina podula mayina a awiri aja: Cynthia kuchokera kwa Rothrock, Khan kuchokera kwa Michelle. Cynthia Khan anapitiriza mafilimu a *In the Line of Duty* ngati kuti palibe chachitika. Choncho pamene ife mu Misisi tinkatcha mkazi aliyense womenya kuti Cynthia, eni makampani ku Hong Kong ankachitanso chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tinkatero posadziwa, iwo ankatero powerengera phindu.

Mtengo wa ntchitoyi unkalipiridwa ndi thupi. Mu 1989, pojambula *Devil Hunters*, bomba la pa filimu linaphulika nthawi isanakwane ndipo Moon Lee ndi Sibelle Hu anapsa kwambiri. Opanga filimuyo anasiya chithunzi cha ngoziyo kumapeto kwake. Michelle Yeoh, ukwati wake utatha, anabwerera mu 1992 ndi *Police Story 3: Supercop*, mmene analumpha ndi njinga yamoto kukatera pa sitima yoyenda, Jackie Chan ali pomwepo. Pojambula *The Stunt Woman* ya Ann Hui, imene inatuluka mu 1996, analumpha kuchoka pa mlatho n'kutera molakwika, ndipo anavulala msana koopsa. Kara Hui, mafilimu a kung fu atatha msika ndipo iye atapitirira zaka 30, anasowa ntchito, nadwala matenda a maganizo. Iye mwini anaulula poyera kuti mu 1999 anafuna kudzipha.

Ena anabwerera. Mu 2000 Ang Lee anaika mibadwo itatu mu filimu imodzi, *Crouching Tiger, Hidden Dragon*: Cheng Pei-pei ngati Jade Fox, mayi wowawidwa mtima amene mphunzitsi wake anagona naye koma n'kumumana maphunziro, Michelle Yeoh, ndi wachitsikana Zhang Ziyi. Kara Hui analandiranso mphoto ija mu 2010, patapita zaka 28, chifukwa cha *At the End of Daybreak*, mmene sanaponye chibakera ngakhale chimodzi. Mu Malichi 2023, ali ndi zaka 60, Michelle Yeoh anakhala mkazi woyamba wa ku Asia kulandira Oscar ya wosewera wamkulu wamkazi. Cheng Pei-pei anamwalira mu Julayi 2024 ali ndi zaka 78. Koma pali mmodzi amene anatenga njira ina. Hsu Feng, sitaringi wa *A Touch of Zen* ya King Hu, imene inalandira mphoto ku Cannes mu 1975, atasiya kusewera anatsegula kampani yakeyake. Ndiye anapanga *Farewell My Concubine*, imene mu 1993 inatenga mphoto yaikulu koposa ku Cannes komweko. Iye anachoka kutsogolo kwa kamera n'kukakhala kumene kumawerengedwa ndalama.

Cynthia wa ku Mtendere

Lusaka ilibe makampani opanga mafilimu a kung fu, koma mkazi womenya pamaso pa khamu tinamuona ndi maso athu, ndipo anachokera mu komboni. Esther Phiri anabadwa mu 1987. Atate ake atamwalira anakakhala ndi ambuye ake ku Mtendere, anasiya sukulu ali giredi 6, anagulitsa ndiwo pa msika, ndipo anabereka mwana ali ndi zaka 16. Nkhonya anaziyambira ku Africa Directions, malo a achinyamata a mu Mtendere momwemo, kenaka anatengedwa ndi mphunzitsi Anthony Mwamba. Atagonjetsa Kelli Cofer wa ku America n'kutenga lamba wa WIBF Intercontinental, dzina lake linali pakamwa pa aliyense, ndipo kampani ya National Milling inaika nkhope yake pa zikwangwani za m'misewu. Zonsezi zinachitika nkhonya za akazi zisanaloledwe n'komwe ku Olympics, kumene zinalowa koyamba mu 2012 ku London. Ndikukumbuka kuti kuyambira nthawi imeneyo, pa mizere ya madzi dzina lija linasintha. Mtsikana wobwezera anayamba kutchedwa Esther Phiri.

Pambuyo pake panabwera Catherine Phiri wa Oriental Quarries, amene mu Januwale 2016 anapita ku Mexico, n'kugonjetsa Yazmin Rivas kwawo komweko, nabwera ndi lamba wa WBC. Barbra Banda, asanagoletse zigoli zitatuzitatu pa masewera awiri otsatizana ku Olympics ya ku Tokyo, kachiwiriko polimbana ndi China, anali woponya nkhonya.

Ndipo Esther analowa mu filimu. Mu 2014 Jessie Chisi, m'bale wake, pamodzi ndi Salla Sorri wa ku Finland, anatulutsa *Between Rings*, yofotokoza moyo wake. Dzina la filimuyo likunena za mphete ya ukwati ndi bwalo la nkhonya, zomwe m'Chingerezi zimatchulidwa ndi liwu limodzi. Funso lake ndi lomwe lija linachotsa Cheng Pei-pei pa ntchito dzina lake lili pamwamba, lomwe linabisa Michelle Yeoh zaka zingapo: kodi mkazi angakhale nazo zonse ziwiri? Bruce Lee anali ndi mkazi ndi ana awiri pamene ankapanga mafilimu ake, ndipo palibe anamufunsa funso limenelo.

Yankho kwa ambuya

Chandilembetsa nkhaniyi ndi mlandu wa pa banja. Mlongo wanga uja, amene anandikhazika pakona m'nyumba ya vidiyo, tsopano amakhala ku Chawama ndipo ali ndi mwana wamkazi wa zaka 14. Mwanayu wayamba kuzemba masana kupita kumene anzake amaphunzira nkhonya. Amake anandiitana n'kundiuza kuti, "Mulamu, ndinu munapita patali ndi sukulu, muuzeni mwanayu aleke. Adzamukwatira ndani wa mphuno yophwanyika?" Atate ake anangoti zii, maso pansi, mwina pokumbukira mmene ankakuwira Cynthia akamenya bosi.

Sindinathe kunena kuti alamu anga akulakwitsa kuopa. Mbiri yonse imene ndafotokozayi ikuwavomereza pa zambiri: misana yothyoka, nkhope zopsa, madola 100, dzina lodulidwa n'kupatsidwa wina, ndi zaka za kuiwalika munthu akangokula. Pa Esther Phiri mmodzi wa pa chikwangwani pali atsikana ambiri amene anamenyedwa m'mutu n'kubwerera ku msika opanda kanthu. Komanso sindinathe kumuuza mwanayo kuti nkhonya si za akazi, chifukwa limenelo ndi bodza limene Chin Tsi-ang analitsutsa zaka 100 zapitazo. Ngoziyo siili m'kumenya kokha. Ili pa amene wagwira kontirakiti, amene akulandira ndalama pa khomo, ndi chimene munthu atsala nacho thupi likakana. Tinagwirizana kuti apitirize, koma masana okha, mphunzitsi wake tikamuone ndi kumudziwa, ndipo tsiku limene adzalephere mayeso magolovesi adzakhala m'manja mwa amake. Ndinamuuzanso za Hsu Feng, kuti adziwe kuti pa bwalo pali mipando ina kupatula wa womenyedwa.

Nyumba ya vidiyo ija inatha kalekale. Ana a lero amaonera ndewu pa foni. Koma mukadutsa mu Misisi m'mawa mupezabe azimayi atakhala pansi m'mbali mwa njira, nyundo m'manja, akuphwanya miyala yogulitsa kwa omanga nyumba, ena mwana ali kumsana. Palibe amawafunsa kuti adzawakwatira ndani ndi manja okhakhala chonchi. Mphamvu za mkazi sizinadabwitsepo munthu mu komboni muno. Chodabwitsa chinali kuona mkazi akuzigwiritsa ntchito podziteteza, anthu n'kumuombera m'manja.

Ambuya, amake a Cynthia ndi Angela Mao ndi Kara Hui, ambuye ake ndi Cheng Pei-pei, ndipo mzere wawo umakafika ku Shanghai, kwa Fan Xuepeng ndi Chin Tsi-ang. Omulangiza analipo, koma malangizo ake anali a kagwedwe kosathyoka khosi. Mdzukulutuvi wanu wa ku Chawama atamva mayina onsewa anandifunsa kuti, "Anti, nanga uja munali kumutcha Cynthia pa mpopi, dzina lake anali ndani?" Ndinaganiza nthawi yaitali. Nkhope yake ndikuikumbuka bwino, ndi chigubu chake chachikasu, koma dzina lake lenileni sindinalifunsepo.